Mafunso ndi mayankho: Les Vampires, kanema wa zigawenga za ku Paris wa mu 1915

Munthu akamva dzina lakuti Les Vampires amayembekezera mano ataliatali ndi magazi. Akamvanso kuti kanemayu ndi wa maola pafupifupi 7, wopanda mawu, ndipo wadutsa zaka 100 chijambulireni, amangoti zikomo, tidzaonera tsiku lina. M'munsimu muli mafunso amene amabwera kawirikawiri kwa amene akufuna kuyamba kuonera, kapena amene anayamba n'kusokonezekera pakati. Dziwiranitu kuti mayankho ena akuulula zochitika m'nkhaniyi, mpaka mathero ake.

Kodi Les Vampires ndi chiyani kwenikweni?

Ndi kanema wa ku France wa magawo 10, amene analembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Louis Feuillade pansi pa kampani ya Gaumont. Magawo awiri oyamba anatuluka limodzi pa 13 Novembala 1915, ndipo lomaliza linatuluka pa 30 Juni 1916. Nkhani yake ndi ya mtolankhani wachinyamata, Philippe Guérande, amene akulondola gulu lachinsinsi la mbava ndi zigawenga lomwe lasowetsa mtendere mumzinda wa Paris. Gululo limadzitchula kuti Vampires. Limaba, limapha, limalowa m'nyumba kudzera padenga, ndipo anthu ake ali paliponse: kubanki, m'mahotela, m'nyumba za anthu olemera, ngakhale m'khitchini ya mtolankhaniyo.

Ndiye mulibemo opopa magazi?

Mulibe ngakhale mmodzi. Palibe wouka kumanda, palibe woluma mnzake pakhosi. Dzinalo ndi loopsezera chabe, monga mmene kagulu ka achifwamba kangadzitchulire kuti Anamapopa pofuna kuti anthu azinjenjemera akamva. Zimene amayamwa ndi ndalama ndi mikanda ya mtengo wapatali ya anthu olemera.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi chithunzi chotchuka cha mkazi atavala mapiko a mleme, atawatambasula pabwalo la zisudzo. Chithunzicho chimachokera m'gawo lachiwiri, ndipo mkaziyo si chigawenga. Ndi wovina wotchedwa Marfa Koutiloff, amene anaseweredwa ndi Stacia Napierkowska. Akuvina gule woonetsa za gulu la Vampires, koma asanakwere pabwalo mtsogoleri wa gululo, atadzisandutsa bwana wolemekezeka, wamuveka mphete yokhala ndi chiphe. Amagwa n'kufera pamaso pa anthu oonera. Anthu ambiri pa intaneti amalemba pansi pa chithunzichi kuti ndi Irma Vep, mkazi wotchuka wa m'gulu la zigawengalo, komatu ayi.

Nkhani imayamba bwanji?

Imayamba ndi mtembo wopanda mutu. Wapolisi wofufuza milandu dzina lake Durtal, amene ankasakasaka gululi, wapezeka ataphedwa m'dambo kutali ndi Paris. Guérande amapita kumeneko ndipo amafikira m'nyumba yaikulu ya Dr Nox, amene amadziwika ngati bwenzi lakale la bambo ake. M'nyumbamo muli mlendo wina, mayi wolemera wa ku America amene akufuna kugula malowo. Usiku ndalama ndi mikanda ya mayiyo zimasowa. Kuseri kwa chithunzi chopachika pakhoma kuli kamphako kobisika, ndipo m'kabokosi momwemo ndi mmene mutu wa Durtal ukupezeka. Dr Nox uja si Dr Nox ayi, ndi mtsogoleri wa zigawenga, Grand Vampire, ndipo amathawa kudzera padenga atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Gawoli limatchedwa La Tête coupée, kutanthauza mutu wodulidwa.

Mukaonetsetsa gawo loyambali mwaphunzira kale lamulo la kanema yense. Chipinda chilichonse chimaoneka chabwinobwino, chokhala ndi mipando, makatani ndi maluwa patebulo, koma khoma lili ndi chitseko, chithunzi chili ndi mphako, ndipo munthu waulemu amene wakupatsani moni ndi amene akufuna kukuphani.

Irma Vep ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani aliyense amangokamba za iye?

Tengani zilembo za dzina lake muzisinthanitse, mupeza mawu akuti vampire. Kanemayu amakuonetsani yekha zimenezi: m'gawo lachitatu, Guérande waima pakhomo pa malo omwera mowa usiku otchedwa Le Chat-Huant, akuyang'ana chikwangwani cholengeza woyimba wa pamalopo, ndipo zilembozo zimayamba kuyendayenda zokha mpaka kupanga dzina la gululo. Chat-huant m'Chifalansa ndi mtundu wa kadzidzi, ndiye kwa ife amene tinakula tikuopa kulira kwa mbalame imeneyi padenga, dzina la malowa likukwanira bwino.

Irma si mtsogoleri wa gulu. Atsogoleri amabwera n'kufa, atatu motsatizana, koma iye amakhalapobe kuyambira gawo lachitatu mpaka lomaliza. Lero ndi woyimba, mawa ndi wantchito wa m'nyumba kwa mayi ake a Guérande, mkuja ndi mlembi wa kubanki, kenako mnyamata wovala suti, kenako wolumikiza mafoni kuhotela. Chovala chimene anthu amamukumbukira nacho, chakuda chothina thupi lonse chimene amavala pokwawa m'makonde a hotela usiku, amachivala kanthawi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwa kanemayu. Koma mu 1915, pamene mkazi wolemekezeka ankavala diresi yofika m'mapazi, kanthawi kochepako kanali kokwanira kuti anthu asaiwale.

Amene anasewera Irma ndi Musidora. Dzina lake lenileni linali Jeanne Roques, anabadwira ku Paris mu 1889 ndipo anamwalira mu 1957. Maso ake akuluakulu, opakidwa zakuda m'mbali, amachita ntchito imene mawu akanachita. Ndikunena mosabisa kuti Guérande, ngakhale ndiye ngwazi ya nkhaniyi, ndi munthu wotopetsa: amakhala ndi mayi ake, amavala bwino, salakwa. Irma akangolowa m'chipinda mumaiwala kuti mnyamatayo alipo. Musidora sanathere pa kusewera kokha. Pambuyo pake anatsogolera yekha makanema, ena mwa iwo ku Spain, pa nthawi imene akazi ochita zimenezi ankawerengeka ndi zala, ndipo ku ukalamba wake anagwira ntchito ku Cinémathèque française, nyumba yosunga makanema akale.

Nanga bambo wadazi, wa mphuno yaitali, amene amangoyang'ana ku kamera?

Ameneyo ndi Mazamette, woseweredwa ndi Marcel Lévesque. Poyamba ndi mnzake wa Guérande kuntchito amene waba mapepala a kafukufuku chifukwa nayenso ali m'gulu la Vampires. Atagwidwa amatulutsa chithunzi cha ana ake n'kupempha chifundo. Kuyambira pamenepo amatembenuka n'kukhala mpulumutsi wa Guérande, ndipo amatulukira pomwe zinthu zavuta, kawirikawiri ali pa ntchito yatsopano. Pena ali m'gulu la onyamula maliro, pena walemera mwadzidzidzi chifukwa cha mphoto ya mpondamatiki wa ku America. M'gawo la 8 mwana wake Eustache, pofuna kuombera chigawenga, amamulasa bambo ake pamphuno. Mwanayo anaseweredwa ndi René Poyen, amene anthu a ku France ankamudziwa kale ndi dzina lakuti Bout-de-Zan kuchokera m'makanema oseketsa a Feuillade yemweyo.

Ena amadandaula kuti nthabwala za Mazamette zimaononga mantha a nkhaniyi. Ine ndimaona kuti popanda iye maola 7 akanakhala katundu wolemera.

Chifukwa chiyani atsogoleri a gulu amangosinthasintha? Ndasokonezeka.

Simuli nokha. Woyamba ndi Grand Vampire, woseweredwa ndi Jean Aymé. Kenako pakubwera Juan-José Moréno, amene si wa gululi koma mbava ina yopikisana nalo, yokhala ndi maso otha kulanda munthu nzeru. M'gawo la 6 Moréno amagwira Irma, amamugoneka ndi maso akewo, ndipo Irma amaombera Grand Vampire n'kumupha. Mukuganiza kuti gulu latha, gawo la 7 limatulutsa munthu wina, Satanas, amene akuti mtsogoleri weniweni ndi iye, winayo anali wantchito chabe. Moréno amanyongedwa ndi boma podulidwa mutu. Satanas amagwidwa ndipo amadzipha m'ndende potafuna kalata yonyikidwa m'chiphe imene anzake amutumizira. Mpando umatsalira Vénénos, katswiri wosakaniza ziphe.

Chifukwa chake chagona pa mmene kanemayu anapangidwira. Feuillade sanayambe ndi nkhani yolembedwa yonse mpaka kumapeto. Ankapeka akujambula, ndipo ankayenera kugwira ntchito ndi anthu amene alipo tsikulo. Inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, amuna ankaitanidwa kupita kukamenya, ndipo wosewera amene muli naye mwezi uno simungalumbire kuti mudzakhala naye mwezi wamawa. Palinso nkhani imene yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri, yakuti Jean Aymé ankachedwa kubwera kuntchito mpaka Feuillade anatopa naye, n'kungopatsa Musidora mfuti kuti amuthetseretu m'nkhanimo. Mukaona mmene imfayo imachitikira mwadzidzidzi, ngati munthu wangothimitsa nyali, nkhaniyo simungaitsutse msanga.

M'gawo la 6 lomwelo muli chinthu china chodabwitsa. Grand Vampire, pofuna kutangwanitsa alendo a kuhotela pamene anzake akufufuza m'zipinda, amawawerengera nkhani ya kholo lake limene linamenya nkhondo ku Spain m'nthawi ya Napoléon, ndipo mwadzidzidzi tikuonera msilikali akulimbana ndi ng'ombe yamphongo. Zithunzizo zinali za kanema wina amene Feuillade anajambula ku Spain koma sanamumalize. Filimu inali yodula ndi yosowa m'nthawi ya nkhondo, choncho kanthu sikankatayidwa.

Anthu ena amawerenga zonsezi ngati zofooka za kanemayu. Kwa ine ndi pamene pagona mphamvu yake. Popeza wolembayo sankadziwa chimene chidzachitike magawo awiri kutsogolo, inunso simungalosere. Munthu amene mukumuyesa mzati wa nkhani amafa pakati pa gawo, wina amene simunamumvepo amagogoda pachitseko n'kulanda zonse. Zimayenda ngati maloto, mmene chinthu chosatheka chimachitika koma aliyense m'malotomo akuchitenga ngati chachizolowezi.

Misewu ya Paris ikuoneka yopanda anthu. Anachita kuwathamangitsa pojambula?

Ayi, ndi mmene madera amenewo ankaonekera. Nkhondo inayamba mu Ogasiti 1914, ndipo pamene magawo apakati ankatuluka, nkhondo yoopsa ya ku Verdun inali itayamba mu Febuluwale 1916. Amuna ambiri anali kunkhondo, magalimoto ndi akavalo ambiri anali atatengedwa ndi asilikali. Feuillade ankajambula za m'nyumba ku situdiyo ya Gaumont kufupi ndi Buttes-Chaumont, ndipo za panja ankazijambula m'misewu yeniyeni, m'mbali mwa njanji, pamadenga, ku Montmartre ndi kunkhalango ya Fontainebleau.

Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyi siikamba za nkhondoyo. Anthu ake amavina, amamwa, amakonza maukwati ngati kunja kuli mtendere. Komabe fungo la nkhondo lili ponseponse. M'gawo la 5 olemera a mumzinda aitanidwa kuphwando, zitseko zatsekedwa, mazenera atchingidwa, ndipo mpweya wogonetsa ukulowa m'chipinda. Amathamangira kuzitseko, amamenya makoma, kenako amagwa mmodzimmodzi mpaka chipinda chonse chadzaza ndi matupi ogona, ndipo anthu ovala zakuda amalowa mwakachetechete kudzavula mikanda m'makosi. Oonera a mu Januwale 1916 ankadziwa bwino kuti mpweya wakupha unali utagwiritsidwa kale ntchito pa asilikali ku Ypres mu Epulo 1915. Satanas nayenso ali ndi mzinga umene amausunga m'nyumba, n'kuutulutsira pazenera kuti aphulitse nyumba ina mumzinda momwemo. Patangopita zaka ziwiri, mu Malichi 1918, Paris inayamba kuomberedwa ndi mzinga weniweni wa asilikali a Germany kuchokera pa mtunda wa makilomita oposa 100.

Kodi zigawenga zoterezi zinaliko ku Paris?

Gulu lenileni lotchedwa Vampires kunalibe, koma mantha amene kanemayu akuseweretsa anali enieni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyuzipepala za ku Paris zinkadzaza ndi nkhani za achifwamba a m'misewu amene ankatchedwa Apaches, ndipo gule wankhanza amene zigawenga zimavina m'kanemayu ndi wa dzina lomwelo. Panalinso gulu la Jules Bonnot, limene mu Disembala 1911 linalanda ndalama kwa wantchito wa banki ya Société Générale n'kuthawa pa galimoto, chinthu chachilendo panthawiyo, pamene apolisi ambiri ankayenda wapansi kapena pa njinga. Anthu anaona kuti mbava zayamba kugwiritsa ntchito zipangizo zatsopano msanga kuposa boma.

Kanemayu amakonda kwambiri mfundo imeneyi. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa chili m'gawo la 7. Zigawenga zikufuna ndalama za George Baldwin, mpondamatiki wa ku America amene ali kuhotela ku Paris. Zimatumiza mkazi wonamizira kuti akusonkhanitsa mawu a anthu otchuka, ndipo amajambula mawu a Baldwin pa makina a galamafoni. Kenako cheke chachinyengo chimapita kubanki. A kubanki akaimba foni kuhotela kuti atsimikize, Irma, amene walanda mpando wa wolumikiza mafoni, amangowaseweretsa mawu ojambulidwa aja akuvomereza. Aliyense amene anaimbiridwapo foni ndi munthu wodzitcha bwana wa kampani ya mafoni akhoza kuzindikira msampha umenewu, ngakhale unatcheredwa mu 1916.

Ndinamva kuti apolisi analetsa kanemayu. N'zoona?

Inde, kwa kanthawi. Akuluakulu a polisi ku Paris sanakondwe kuona apolisi akupusitsidwa gawo ndi gawo pamene mbava zikuoneka zanzeru ndi zokongola, ndipo anaimitsa kuonetsedwa kwake. Chiletsocho chinachotsedwa pasanapite nthawi. Zimakambidwa kuti Musidora anapita yekha kukaonana ndi mkulu wa polisi n'kumunyengerera.

Kudandaulako kunamveka ndithu. Kanema wa magawo wotsatira wa Feuillade, Judex, amene anayamba kuonetsedwa mu 1917, ali ndi ngwazi yovala chipewa ndi mkanjo wakuda imene imalanga oipa. Musidora alimonso, akadali kumbali ya oipa.

N'chifukwa chiyani anamudula m'magawo m'malo mopanga kanema mmodzi?

Ndi nkhani ya malonda. Munthu amene waonera gawo limodzi n'kutsala ndi funso amabweranso kudzagula tikiti ina. Anthu a ku France anali atazolowera kale nkhani zotuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala, monga mmene ife timadikirira sewero la pa wailesi sabata ndi sabata. Feuillade anali atayesa kale njira yofanana ndi Fantômas, makanema asanu a mu 1913 ndi 1914 ochokera m'mabuku a Pierre Souvestre ndi Marcel Allain.

Koma chimene chinafulumizitsa Les Vampires ndi mpikisano. Kampani ya Pathé inali kukonzekera kutulutsa ku France kanema wa magawo wa ku America wokhala ndi Pearl White, pansi pa dzina lakuti Les Mystères de New York, ndipo nkhani yake inkatuluka nthawi yomweyo m'nyuzipepala ya Le Matin. A Gaumont anafuna kufika pamsika mnzawo asanayale. Anamata m'makoma a Paris zikwangwani zoonetsa mutu wa mkazi wovala chophimba chakuda, maso okha ali pamtunda, ndi mafunso anayi m'Chifalansa: ndani, chiyani, liti, kuti. Dzina la kanema panalibe. Anakwanitsadi kutsogola ndi masabata ochepa, popeza wa Pathé anayamba mu Disembala 1915.

Kuthamangako kumaoneka pa kalendala. Wa Pathé ankatuluka sabata iliyonse mosaphonya, pamene wa Feuillade ankatuluka akapsa: pakati pa gawo la 5 ndi la 6 panadutsa pafupifupi miyezi iwiri. Kutalika kwa magawo nakonso sikofanana. Lachiwiri ndi la mphindi pafupifupi 15 zokha, pamene ena a kumapeto amayandikira ola lathunthu. Ndipo mosiyana ndi makanema ambiri a magawo a pambuyo pake, gawo lililonse limatseka nkhani yake m'malo mosiya munthu akulendewera paphompho.

Kamera siisuntha. Kodi ndi chifukwa chakuti sankadziwa kujambula?

Funso limeneli lakhala likukanganitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. M'chaka chomwecho cha 1915, ku America wotsogolera makanema D. W. Griffith anali kutchuka ndi kudula zithunzi mofulumira, kuonetsa nkhope pafupi, ndi kulumphira uku ndi uku pakati pa zochitika ziwiri. Njira imeneyo ndiyo inapambana, ndipo kwa zaka zambiri olemba mbiri ya makanema ankaona Feuillade ngati wotsalira. Ngakhale kwawo, olemba za makanema ngati Louis Delluc ankanyoza makanema a magawowa kuti ndi zongosangalatsa chigulu.

Koma yesani kuonetsetsa chithunzi chimodzi osathamanga. Feuillade amaika kamera pamalo amodzi n'kusanja anthu kuyambira pafupi mpaka kumbuyo kwenikweni kwa chipinda. Kutsogolo anthu awiri akucheza osadziwa kanthu. Kumbuyo chitseko chikutseguka pang'onopang'ono, kapena katani ikugwedezeka. Palibe amene akukulozerani kuti yang'anani uko, mumachita kuzindikira nokha, ndipo mukazindikira mtima umagunda chifukwa a kutsogolo aja sakuona. Pakapita magawo awiri kapena atatu maso anu amazolowera kufufuza m'makona monse, ndipo mumayamba kukayikira kabati iliyonse ndi zenera lililonse. Kanema wodula zithunzi mofulumira sangakupatseni mantha a mtundu umenewu, chifukwa amakusankhirani choti muone.

Za panja nazo zili ndi kukoma kwake. Munthu akamatsika khoma la nyumba yosanja, kapena kukwera padenga la sitima ikuyenda, mukuona thupi lonse ndi kutalika konse m'chithunzi chimodzi. Panalibe kompyuta yoti iwonjezere kanthu.

Nanga mitundu ija, pena buluu pena chikasu, inaikidwa masiku ano?

Ndi njira ya nthawi yomweyo. Filimu inkajambulidwa yakuda ndi yoyera, kenako zidutswa zake zinkanyikidwa mu utoto. Buluu amatanthauza usiku, chifukwa zambiri za usiku zinkajambulidwa dzuwa likuswa mtengo. Chikasu chodera chimaimira kuwala kwa nyali m'nyumba. Mukapeza kope lopanda utoto, mudzadabwa kuona mbava ikuyenda monyang'ama ndi tochi masana.

Nyimbo zimene mukumva ndizo za masiku ano. Kale m'nyumba zoonetsera kanema munkakhala woyimba piyano kapena gulu la oyimba, ndipo makope osiyanasiyana a lero ali ndi nyimbo zosiyana. Kutalika kumasiyananso: kamera za nthawiyo zinkapukusidwa ndi dzanja pa liwiro lochepera zithunzi 24 pa sekondi zimene zinadzakhazikika makanema a mawu atabwera, choncho kope lina limatha maola 6 ndi theka, lina pafupifupi 7, malinga ndi liwiro limene okonzawo anasankha.

Anapulumuka bwanji, popeza makanema ambiri a nthawiyo anatayika?

Filimu yakale inkapangidwa ndi mankhwala osachedwa kuyaka ndi kuola, ndipo makanema a mawu atafika makampani ambiri sanaone chifukwa chosungira akale. Les Vampires anapulumuka chifukwa cha Henri Langlois, mmodzi mwa amene anayambitsa Cinémathèque française mu 1936, munthu amene ankatola zitini za filimu kulikonse kumene zikutayidwa. Kope limene linatsala linalibe makadi a mawu ofotokoza nkhani, choncho kwa zaka zambiri anthu ankaonera zithunzi zokhazokha, osadziwa bwino amene akupha mnzake ndi chifukwa chake. Nkhani yosokoneza kale inasanduka maloto enieni, ndipo ambiri anaikondera pomwepo. Mawuwo anadzabwezeretsedwa pambuyo pake, pa ntchito imene Jacques Champreux, mdzukulu wa Feuillade, anatengapo gawo lalikulu.

Ngakhale kale kwambiri, pamene akatswiri ankanyoza, panali alakatuli achinyamata ngati Louis Aragon ndi André Breton amene ankamukonda kanemayu ndi kumutamanda Musidora. Zimene ena ankati n'zosalongosoka iwo ankaziona ngati chithunzi choona cha mmene malingaliro a munthu amayendera.

Pali ubale wanji ndi Irma Vep wa Maggie Cheung kapena wa Alicia Vikander?

Onse awiri ndi a Olivier Assayas, wotsogolera makanema wa ku France. Wa mu 1996 ndi kanema mmodzi, wokhala ndi Maggie Cheung, ndipo wa mu 2022 ndi wa magawo 8 pa HBO, wokhala ndi Alicia Vikander. Sakubwereza nkhani ya Feuillade, koma akukamba za anthu a masiku ano amene akuyesa kujambulanso Les Vampires, zinthu n'kumawasokonekera. Mukhoza kuwaonera osaona wa 1915, koma nthabwala zambiri zidzakudutsani.

Ndingamupeze kuti, nanga ndiyambire pati?

Chifukwa cha ukale wake amapezeka mosavuta pa YouTube ndi pa Internet Archive, ndipo aliponso pa DVD ndi Blu-ray. Sankhani kope looneka bwino, lokhala ndi utoto ndi mawu olembedwa m'chilankhulo chimene mumamva, chifukwa makope ena a pa intaneti ndi osawoneka moti nkhope sizidziwika, pamene nkhani yonse yagona pa kuzindikira kuti bwana uyu ndi chigawenga chija chavala ndevu zina.

Musayese kumeza maola onse tsiku limodzi. Oonera oyamba anatenga miyezi 7 ndi theka. Gawo limodzi madzulo alionse likukwana, ndipo bandulo yanu idzapumako. Yambani pa gawo loyamba, koma musaweruze musanafike pa lachitatu, pamene Irma akulowa. Ngati muli ndi ola limodzi lokha loti muyesere, onerani gawo la 5, L'Évasion du mort, lija la phwando la mpweya wogonetsa.

Zimatha bwanji?

Zimatha ndi ukwati, monga dzina la gawo lomaliza likunenera: Les Noces sanglantes, ukwati wa magazi. Irma wapulumuka zambiri kufika apa. Anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, anakwezedwa sitima ya pamadzi yopita ku Algeria, Satanas anaiphulitsa sitimayo ndi mzinga wake atamuchenjeza mobisa, ndipo iye anabwerera ku Paris atabisala kunsi kwa sitima ya pamtunda. Tsopano akukwatiwa ndi Vénénos. Zigawenga zikudya, kumwa ndi kuvina m'nyumba yawo yobisika, osadziwa kuti apolisi azinga nyumbayo. Ambiri amaphedwa pomwepo, ena amagwa ndi khonde pothawa.

Irma amazemba n'kutsikira kumene gululo latsekera akazi awiri amene linawaba: mkazi wa Guérande, ndi Augustine, wamasiye amene mwamuna wake anafa atamwa vinyo wachiphe wokonzera banja la mtolankhaniyo. Amene amamuombera Irma si wapolisi, si Guérande, si Mazamette, koma mkazi wa Guérande, munthu wofatsa amene wangolowa m'nkhani m'gawo la 9, ndi mfuti imene mwamuna wake anamupatsira mobisa. Guérande amafika zonse zitatha. Mazamette amafunsira Augustine, ndipo Augustine amalola.